Kodi sukulu ya udokotala ingakonzekeretse dokotala wokhalitsa kumudzi?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina amene ali m'komiti yolangiza chipatala chachikulu cha m'boma lina la m'chigawo chapakati. Iwo akuti pa zaka zimene akhala m'komitiyo alandira madokotala achinyamata angapo, koma aliyense amangokhala chaka chimodzi kapena ziwiri n'kupempha kuchoka, wina kubwerera kusukulu, wina kukayamba ntchito kubungwe la mumzinda. Akufunsa ngati vuto lili m'maphunziro amene achinyamatawa amalandira, ngati pali chimene sukulu ingachite kuti azituluka ali okonzeka kugwira ntchito kumudzi, komanso ngati sikungakhale bwino kuti boma lizingowakakamiza kukhala komwe lawatumiza.

Bambo, zimene mwaonazo zikuchitika m'maboma ambiri, ndipo musafulumire kuganiza kuti achinyamata a masiku ano alibe mtima wothandiza anthu. Sukulu ya udokotala ilidi ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi. Dokotala amene amakhazikika kumudzi amaumbidwa ndi malo amene anaphunzirira ntchito, kutalika kwa nthawi imene anakhalako, ndiponso munthu amene anamuphunzitsa ali komweko. Mwa zonsezi, chimene ndimaona kuti chikutisowa kwambiri kuno kwathu ndi mphunzitsiyo, ndiko kuti dokotala wamkulu amene anasankha yekha kukhala m'boma, amene wophunzira angamuone n'kunena mumtima kuti moyo wa munthu uyu ndi wosiririka.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi, pomwe mbali yaikulu ya maphunziro a udokotala imachitikira m'zipatala zazikulu za m'mizinda, makamaka Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Zimenezi n'zomveka, pakuti ndiko kuli akatswiri ndiponso odwala amatenda amitundumitundu. Komabe m'zipatalazi wophunzira amatolamo phunziro lina limene palibe amalilemba pa ndandanda. Wodwala wochokera kuboma amafika atatheratu, ali ndi kalata yomutumizira ya mizere iwiri, ndipo pozungulira m'wodi m'mawa wamkulu wina amapukusa mutu n'kufunsa kuti, "Kodi kubomako amadikira chiyani?" Palibe amene amafotokoza kuti ambulansi inali itapita kukatenga mayi wina, kapena kuti abale anatenga tsiku lonse asanagwirizane zoti wodwala apite kutali. Wophunzira akamva mawu oterewa kwa zaka zitatu, amamaliza sukulu akukhulupirira kuti kuboma ndi kumene kumalakwitsidwa zinthu, ndipo kuchipatala chachikulu ndiko zimakonzedwa. Munthu wotereyu mukamutumiza kuboma amaona ngati wapatsidwa chilango.

Amene anayambitsa College of Medicine mu 1991 ankalidziwa vutoli, n'chifukwa chake maphunziro a zaumoyo wa m'midzi anawaika ku Mangochi kuyambira pachiyambi penipeni. Sukuluyi, imene mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, inawonjezeranso phunziro la Family Medicine (udokotala wosamalira anthu a misinkhu yonse pa matenda osiyanasiyana) kwa ophunzira a chaka chachinayi, amene amapita kukakhala m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni, ndipo mu 2015 inayamba kuphunzitsa akatswiri a nthambi imeneyi ku Mangochi, kenaka ndi ku Nkhoma komwe. Maziko alipo, ndipo ndi abwino. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nthawi imene wophunzira amakhala kunja kwa mzinda imawerengedwa m'masabata. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo ogwira ntchito m'chipatala amadziwa zimenezi: wophunzira wa masabata ochepa amamulandira bwino, amamuonetsa mawodi, koma samupatsa udindo weniweni poti akudziwa kuti mawa lomweli apita. Iyenso amaona fumbi, kuzima kwa magetsi ndi kusowa kwa mankhwala, n'kubwerera asanalawe kukoma kwa ntchitoyo, kumene kumayamba kumveka pamene odwala ayamba kukudziwa ndi kukufunsa dzina.

Mayiko ena anayesa kuwasiya ophunzira kumudzi nthawi yaitali. Mu 1997 yunivesite ya Flinders ku Australia inayamba kutumiza ophunzira ena kudera la Riverland kuti akakhale chaka chathunthu pansi pa madokotala a m'matauni ang'onoang'ono, m'malo mosinthasintha mawodi pachipatala chachikulu ku Adelaide. Ambiri ankaopa kuti ophunzirawa adzalephera mayeso, koma anakhoza mofanana ndi anzawo otsala mumzinda, ndipo nthawi zina kuwaposa. Sukulu ya Northern Ontario School of Medicine ku Canada, imene inatsegulidwa mu 2005 ndipo tsopano imatchedwa NOSM University, imatumiza wophunzira aliyense wa chaka chachitatu kukakhala miyezi isanu ndi itatu m'dera limodzi. Ku South Africa, yunivesite ya Stellenbosch inatsegula sukulu ya Ukwanda ku Worcester mu 2011, kumene ophunzira ena amathera chaka chawo chomaliza. Tisabise kuti m'malo ena mwa amenewa ophunzira amapita mwa kufuna kwawo, motero ena anali okonda kale zakumudzi, komanso kuti tauni yaing'ono ya ku Australia ili kutali ndi mmene kulili ku Nsanje kapena ku Chitipa. Ngakhale zili choncho, chifukwa chimene njirayi imagwirira ntchito n'chomveka kulikonse. Wokhala miyezi yambiri amaona mayi yemweyo kusikelo, pobereka, ndiponso akabwera ndi mwana kudzabayitsa katemera. Amaona bambo wa shuga amene anamulembera mankhwala akubwerera ndi chilonda cha paphazi, n'kuzindikira kuti mankhwalawo anatha pakati pa mwezi ndipo ndalama ya kabaza inasowa. Anamwino akaona kuti ndi wokhalitsa amayamba kumuitana usiku, ndipo kuitanidwa usiku ndiko kumaphunzitsa munthu udokotala.

Taganizirani usiku umodzi pachipatala ngati chanucho. Ambulansi yafika ndi mayi woyembekezera wochokera kuchipatala chaching'ono amene matenda anamuyamba dzulo m'mawa, mutu wa mwana sukutsika, mtima wa mwanayo wayamba kugunda pang'onopang'ono, ndipo mayiyo maso ake ndi oyera posonyeza kuchepa kwa magazi. Mufiriji muli thumba limodzi lokha la magazi ogwirizana ndi ake. Magetsi azima, wina wathamangira kukaliza jenereta, ndipo wogonetsa odwala ali kunyumba, ayenera kukatengedwa ndi ambulansi yomweyo. Chipatala chachikulu chili pa mtunda wa maola angapo. Pachipatala chophunzitsira, wophunzira akanaima kumbuyo kwa anthu asanu n'kumasuzumira. Kuno dokotala ndiye ayenera kugamula ngati achita opaleshoni kapena atumiza mayiyo, ndipo akatsegula n'kupeza kuti chiberekero chang'ambika, kapena chikukana kukungika mwana atatuluka, ayenera kudziwa chochita motsatana: kutikita chiberekero, kupereka mankhwala oletsa kutaya magazi monga oxytocin, misoprostol ndi tranexamic acid, kusoka komanga chiberekero, mpaka kuchichotsa ngati palibenso njira ina. Pa nthawi yomweyo mzamba akupopera mpweya khanda limene silinalire. Kukacha, dokotala yemweyo adzaona mwana wokomoka ndi malungo, mnyamata wothyoka ntchafu pa ngozi ya njinga yamoto, gogo wotsekeka mkodzo, ndi mtsikana wosokonezeka maganizo amene abale amubweretsa atamumanga.

Madokotala ambiri achinyamata amene amachoka m'maboma sakuthawa umphawi wa malowo ayi, akuthawa mantha a usiku woterewu. Munthu amene sanachitepo ntchitoyi ndi manja ake, wamkulu ataima pambali pake, amagona ndi nkhawa tsiku lililonse limene ali pa kolo, ndiko kuti pamene ndiye woitanidwa kukagwa zadzidzidzi, ndipo wodwala mmodzi akamufera m'manja popanda womufotokozera bwinobwino chimene chinachitika, amayamba kulemba makalata ofunsira ntchito kwina. Choncho sukulu iyenera kuonetsetsa kuti womaliza wachitadi maopaleshoni ofunika kuboma kambirimbiri, akutha kuyeza wodwala ndi maso, makutu ndi manja pamene labotale ilibe zoyezera, akutha kugwiritsa ntchito kamakina ka sikani, ndipo akudziwa malire ake. Kudziwa nthawi yotumiza wodwala, ndi kumukonza kuti akafike wamoyo, ndi luso palokha, ndipo liyenera kufunsidwa pa mayeso monga amafunsira matenda osowa amene dokotala angawaone kamodzi pa moyo wake. Ophunzira amawerenga zimene zimabwera pa mayeso, ndipo sitingawadzudzule pa chimenecho.

Pali nkhani ina imene sitiikamba mokwanira m'kalasi. Zipatala za m'maboma a Malawi zakhala zikuyenda chifukwa cha ma clinical officer, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa m'zaka za m'ma 1970, ndipo iwowa ndiwo amachita ambiri mwa maopaleshoni a amayi oyembekezera m'mabomamo. Dokotala wachinyamata amafika ngati bwana wa munthu amene wachita maopaleshoni ochuluka kuposa amene iye anawaonererapo. Akafika modzikuza, anthu amangomuyang'ana n'kumusiya kuti agwe yekha, ndipo akafika modzikayikira kwambiri, amalephera kukonza zizolowezi zina zolakwika zimene zakhazikika pamalopo. Wophunzira amene anaphunzitsidwapo kusoka ndi clinical officer, amene anagwirapo usiku limodzi ndi azamba, amene anakwerapo njinga ndi mlangizi wa zaumoyo kupita kukiliniki ya m'mudzi kukaona mmene amayezera malungo ana aang'ono, amafika akudziwa kulemekeza ndi kutsogolera nthawi imodzi. Ndingakonde kuti aphunzitsi oterewa azizindikiridwa ndi yunivesite, aziphunzitsidwa kaphunzitsidwe, ndiponso azilandira kangachepe pa ntchitoyo, chifukwa pakadali pano ambiri amaigwira mongodzipereka pamwamba pa mzere wa odwala.

Inu a komiti mukudziwa bwino kuposa ine kuti dokotala wa m'boma sakhalitsa m'wodi asanamukokere muofesi. Posakhalitsa amapezeka akugawa mafuta a maambulansi, akulondola oda ya mankhwala ku Central Medical Stores Trust, akuyankha mafunso kukhonsolo, akutsogolera zokambirana zounika imfa za amayi oyembekezera, ndipo mliri ukagwa, monga kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, ndiye amene aliyense amamuyang'ana. Ntchito imeneyi amaiphunzirira pamoto, kawirikawiri asanakwanitse zaka 30. Wophunzira wa chaka chomaliza ayenera kukhalapo pa misonkhano ya oyendetsa zaumoyo m'boma, kuona bajeti yeniyeni ndi ngongole zake, ndi kuona mmene wamkulu wodziwa ntchito amalankhulira ndi mafumu pamene mudzi wakana kuti madzi a pachitsime athiridwe mankhwala.

Za anthu amene adzawatumikire nazonso n'zofunika, ngakhale sindikhalitsapo. Maphunziro amachitika m'Chingerezi, odwala amadandaula m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena kapena m'Chitonga, ndipo dokotala wodalira womasulira amataya theka la mbiri ya matenda. Mayi amene wamwa mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka sadzaulula kwa munthu amene akuoneka kuti amukalipira, chonsecho kudziwa zimenezo kungapulumutse chiberekero chake. Wophunzira aliyense ayenera kuperekezapo wodwala mmodzi mpaka kwawo, aone mtsinje umene amawoloka ndi amene amalamula pakhomopo za ulendo wa kuchipatala.

Tsopano tibwerere m'mbuyo, pakhomo lolowera kusukulu. Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a mu 2010 amene linawakonzanso mu 2021, linaika patsogolo mfundo yakuti sukulu zizisankha mwadala ophunzira ochokera kumidzi, pakuti kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amabwereza chinthu chimodzimodzi: wokulira kumudzi ndiye amene kawirikawiri amabwerera kukagwira ntchito kumudzi. Dziko la Thailand linayamba mu 1994 ndondomeko yotenga ana a m'zigawo zakutali, kuwaphunzitsira m'zipatala za m'zigawo momwemo, n'kuwabwezera kwawo. Kuchipatala cha Mosvold ku Ingwavuma, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayambitsa thumba lolipirira ana a m'deralo maphunziro a zaumoyo, lomwe lero ndi Umthombo Youth Development Foundation. Anawo amagwira ntchito pachipatalapo pa tchuthi, amakhala ndi wowalangiza pa nthawi yonse ya sukulu, ndipo akamaliza amabweza pogwira ntchito kumudzi kwa zaka zofanana ndi zimene analipiriridwa. Kwathu kuno chopinga n'chakuti mwana wa ku CDSS, kumene nthawi zambiri kulibe labotale ngakhale mphunzitsi wokhazikika wa Chemistry, amapikisana pa mapointi a MSCE ndi mwana wa kusukulu yogonera komweko yokhala ndi zonse. Musasokoneze mfundoyi ndi kota uja wosankhira ana kuyunivesite potengera maboma, amene anthu anakangana naye kwa zaka zambiri, chifukwa boma limene munthu amalemba pafomu kuti ndi kwawo nthawi zambiri si kumene anakulira. Mwana wobadwira ndi kukulira ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe sasanduka wakumudzi chifukwa chakuti agogo ake ali ku Ntchisi. Chofunika kuyang'ana ndi sukulu imene anaphunzira ndi kumene wakhala, kenaka kumuthandiza mwapadera m'chaka chokonzekera kuti afike pa mlingo wa anzake. Tizikumbukiranso kuti mwana wotereyu ndiye amene abale onse akumuyang'anira kuti alipirire azing'ono ake fizi, motero malipiro abwino a mumzinda amamukoka kwambiri kuposa mwana wa banja lopeza bwino.

Ngakhale sukulu itachita zonsezi, unyolo umaduka pamene wophunzira wamaliza. Asanalembetsedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi, dokotala watsopano amagwira internship ya miyezi 18, ndipo nthawi imeneyi amaithera makamaka m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Ndi pa msinkhu umenewu pamene ambiri amapeza banja, amachita lendi nyumba, amadziwana ndi akatswiri amene amawakopa kuti alowe nthambi zawo. Zakhalanso zikuchitika kuti omaliza maphunziro amadikira miyezi asanaitanidwe pa ntchito, ndipo wodikira samakhala manja ali m'thumba: amapeza pogwira kuchipatala cha munthu kapena kubungwe lofufuza, ena amatuluka m'dziko. Maganizo anga ndi akuti gawo la internship lizichitikira m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni (za bungwe la CHAM) zimene zili ndi dokotala wamkulu wokhazikika. Ndikutsindika za dokotala wamkuluyo, chifukwa kutumiza wophunzira kumalo opanda womuyang'anira n'kumuphunzitsa kudana ndi kumudzi, ndiponso n'kuika odwala pa ngozi.

Pa funso lanu lakukakamiza, mayiko angapo anayesa. South Africa inayamba mu 1998 kulamula dokotala aliyense watsopano kutumikira chaka chimodzi komwe boma lamutumiza. Ku Thailand omaliza m'sukulu za boma amatumikira zaka zitatu. Ku Japan, yunivesite ya Jichi, yokhazikitsidwa mu 1972, imakhululukira fizi yonse amene agwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi m'chigawo chakwawo. Sindikutsutsa lamulo loterolo, pakuti munthu amene waphunzira ndi misonkho ya alimi ndi bwino abwezeko. Koma lamulo limadzaza mpando kwa nthawi yoikikayo basi, ndipo chimene mungapeze ndi chomwe mukudandaula nachochi: nkhope yatsopano chaka chilichonse, dokotala wosadziwa zambiri amene akuwerenga masiku. Ndalama nazo zimathandiza. Pamene boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti mu 2005, anthu ambiri anakhalabe pa ntchito, koma ndalama yofanana kwa wa mumzinda ndi wa kumudzi siipatsa munthu chifukwa chosankhira kumudzi.

Mukawafunsa mwachifatse amene akutsanzikanawo, ambiri adzakuuzani kuti saona njira yokwerera. Kwa nthawi yaitali dokotala wofuna kukhala katswiri ankayenera kuchoka m'boma, ndipo wotsala ankaoneka ngati wolephera pamaso pa anzake a m'kalasi. Apa ndi pamene maphunziro a ukatswiri wa Family Medicine akusinthira zinthu, chifukwa munthu amaphunzirira pachipatala cha m'boma momwemo kwa zaka zinayi n'kutuluka katswiri wa ntchito ya m'bomayo. Koma phindu lake lidzaoneka pokhapokha boma litatsegula mipando ya akatswiriwa m'maboma onse 28, pa giredi yofanana ndi ya akatswiri a m'zipatala zazikulu. Katswiri mmodzi kapena awiri oterewa akakhazikika, chipatala chimatha kulandira ophunzira kwa miyezi yambiri, dokotala watsopano amakhala ndi womudzutsa usiku, ndipo pamapezeka womugwirira ntchito akafuna kupita kutchuthi kapena kumaliro.

Komiti yanu siingasinthe ndandanda ya maphunziro a yunivesite, komabe pali zimene zili m'manja mwanu. Chimene chimalepheretsa kawirikawiri kutumiza ophunzira m'maboma ndi pogona, motero mukakambirana ndi khonsolo ndi anthu amalonda a pabomapo kuti pakonzedwe nyumba imodzi yokhala ndi madzi, magetsi a sola, maloko olimba ndi poti munthu n'kulumikiza intaneti, mudzakhala ndi chogwirika chokapempherera kuti chipatala chanu chizilandira ophunzira. Dokotala watsopano akabwera, fufuzani ngati mkazi kapena mwamuna wake angapeze ntchito pafupi ndi kumene ana angaphunzire, ndipo muitanireni kutchalitchi kapena kumzikiti, kuukwati ndi kumpira, chifukwa kusungulumwa kumathamangitsa anthu ambiri kuposa mmene timaganizira. Pakabuka dandaulo la wodwala, limveni mbali zonse ziwiri lisanafike pa WhatsApp. Amene akuchoka khalani naye pansi mumufunse zifukwa zake, muzilembe, kuti pofika wachitatu muone zimene zikubwerezabwereza n'kupita nazo kukhonsolo. Pomaliza, pemphani akuluakulu a chipatala kuti azilola ana a Fomu 3 ndi 4 a m'masukulu a m'boma lanu amene amakhoza sayansi kudzacheza ndi madokotala ndi anamwino pa tchuthi, ndipo wina akasankhidwa kupita ku udokotala, musamutaye: mudziwe mmene fizi yake ikuyendera, ndipo mukonze zoti tchuthi chilichonse azidzathera m'mawodi a chipatala chanucho.